Mayi Tembenuzani ndi Msoko Wam'kati

Mumsewu wina wopanikizika, pakati pa shopu ya misomali ndi kanyumba kometera tsitsi, pali chipinda cha telala chokhala ndi zenera limodzi. Muli makina osokera opalasa ndi phazi, tebulo lodulirapo nsalu, ayironi, ndi benchi yokwana anthu atatu ochepa thupi kapena awiri odya bwino. Mwini chipindacho anthu amawatcha Mayi Tembenuzani. Dzinali analiputa okha. Ukawabweretsera chovala, kaya chogula kusitolo kaya chosokedwa ndi telala wina, mawu awo oyamba sasintha: "Tembenuzani kaye, tione m'katimo." Kunja kwa chovala sakukhulupirira. Amati kunja n'kosangalatsira alendo, chilungamo chimakhala kumsoko.

Ana asukulu a m'dera lonselo anakulira m'mayunifolomu a mayiwa. Mpendero amaupinda waukulu ngati chikhatho, kuti mwana akatalika angoutsitsa. Kholo likadandaula kuti siketi yalemera kumunsi, iwo amafunsa kuti, "Mwanayu mwamuuza kuti aleke kukula?"

Pakhonde la chipindacho pamakhala amuna awo, okonza nsapato ndi maambulera. Ndi munthu wosayankhulayankhula, ndipo timisomali ta nsapato amatisungira pakamwa. Wometa tsitsi uja amakonda kunena kuti banjali linalimba chifukwa bambowo pakamwa pawo pamakhala podzaza. Ambulera ikabwera yoti yatheratu, nthiti zonse zitathyoka, bambowa saitaya. Amasenda nsalu yake, kuichapa, kuiyanika, kenaka kuipinda bwinobwino n'kukaiika pansi pa tebulo la akazi awo, osanena kanthu. Achita zimenezi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Anthu ankangoti ndi za zigamba.

Sizinali za zigamba. Nsalu ya ambulera silowa madzi. Mayi Tembenuzani ankaidula kukula kwa chikhatho, kuiphatikiza ndi tinsalu tofewa tinayi, n'kusoka timatewera ting'onoting'ono tovala m'kati. Ankatisunga m'dengu pansi pa tebulo. Tinali tawo.

Nkhani yake inayamba tsiku limene anabereka mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anamutcha Kabatani chifukwa cha kankhope kake kozungulira. Mwanayo anali wamkulu ndipo anatuluka mwaliwiro. Mayi ake anang'ambika kuchokera kunjira ya mwana kulowera kotulukira chimbudzi. Anawasoka, bala linapola, aliyense anati zayenda bwino. Koma kuyambira pamenepo mpweya unayamba kuwapulumuka wokha, ndipo akamva kuti akufuna chimbudzi, nthawi imene ankatha kudzigwira inali yongokwanira kuwerenga mpaka makumi awiri. Msambo utasiya, zinthu zinaipiraipira.

Choncho moyo wawo anaudula ngati nsalu yoperewera, kuti ukwane. Kuchoka pamakina kufika kuchimbudzi chimene amuna awo anamanga kuseri kwa shopu ndi mapazi khumi ndi limodzi. Kuchoka kunyumba kufika kushopu ndi mphindi zisanu ndi imodzi. Kumapemphero ankakhala pabenchi yomaliza, pafupi ndi chitseko. Basi sankakwera. Masana sankadya, ankangomwa tiyi katatu, madzi kulawa chabe, poganiza kuti m'mimba mopanda kanthu simungatuluke kanthu. Kupatula amuna awo, panalibe wina wodziwa.

Kabatani anakula, anaphunzira, anakwatiwa kumzinda wina wa ulendo wa maola asanu pa basi. Paukwati wake mayi ake anasoka diresi lililonse la operekeza, koma pazithunzi palibe. Nthawi yojambula anali atazemba. Tsiku lina masana foni inalira mayiwo ali pakati podula nsalu.

"Amayi, kwatsala miyezi itatu kuti ndichire. Mubwere mudzakhale nane."

"Mwana wanga, nthawi imeneyo sukulu zidzakhala zikutsegulira. Mayunifolomu ali mpaka kudenga."

"Mayunifolomu," anatero Kabatani. "Tsiku limene ndinkalandira mphoto kusukulu, analinso mayunifolomu. Paukwati munali ngati mlendo wodutsa. Ndikanabadwa siketi, mwina bwenzi mukundisamala."

"Usatero, iwe."

"Apongozi anga ati abwera, ndipo ndi munthu wabwino. Koma ine ndimafuna amayi anga. Basi, sokani."

Foni inaduka. Mayi Tembenuzani anakhala pamakina, mapazi ali pachopalasira, koma osapalasa. Patapita kanthawi amuna awo analowa, analavulira timisomali m'dzanja, chinthu chimene sankachita wamba.

"Make Kabatani, muuzeni mwanayu."

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti anandiwononga ndi iye pobadwa? Munthu ali ndi pakati, mukufuna aziopa mwana wake yemwe? Katundu ameneyu ndi wanga. Iye asamusenze."

"Wasenza kale wina," anatero bambowo. "Akuganiza kuti simumufuna. Ameneyo ndiye wopepuka?"

Anabwezera timisomali pakamwa n'kutuluka.

Sabata yomweyo kunabwera namwino wina, kasitomala wawo wakale, mayi wansangala wa manja akuluakulu. Anabweretsa yunifolomu yong'ambika thumba. Akudikira pabenchi, ndolo yake inagwa n'kugubuduzika kulowa pansi pa tebulo. Anagwada kuifuna, ndipo podzuka anali ndi ndolo m'dzanja limodzi, kathewera m'dzanja linalo.

"Tembenuzani kaye," anatero moseka, n'kukatembenuza. Ataona nsalu ya ambulera, kuseka kunatha. "Amayi, timeneti n'ta ndani?"

"Ndi oda ya munthu wina."

"Msoko wake ndi wabwino kuposa wa kusitolo." Namwinoyo anakabwezera m'dengu, navundikira monga analipezera. "Munthuyo mukamuuze kuti Lachitatu lililonse m'mawa ndimakhala m'chipinda chakumapeto, cha chitseko chobiriwira. Pawindo lolembetsera asavutike kufotokoza. Angoti akufuna ine."

Makina analira kwa kanthawi. Kenaka mayiwo, maso ali pasingano, anati, "Munthuyo ndi wamkulu. Papita zaka zambiri."

"Wamkulu kwambiri amene ndinamuthandizapo anabwera ndi chidzukulu chomugwira dzanja. Thumbalo mulilimbitse, amayi, ndimaikamo makiyi."

Chipatala chinali pa mtunda wa mphindi makumi awiri wapansi, ndipo kwa Mayi Tembenuzani kumeneko kunali kutsidya kwa dziko. Lachiwiri madzulo amuna awo anatseka bokosi la zida msanga n'kusowa. Pobwera anati, "Pamalo omwetsera mafuta pali chimbudzi, ndayankhula nawo. China chili kuseri kwa sitolo ya mabuku. Kuchoka apo ndi geti la chipatala." Lachitatu anayenda limodzi, bambowo ali patsogolo pang'ono ngati munthu wodziwa njira ya m'nkhalango.

M'chipinda cha chitseko chobiriwira namwino anawafunsa mafunso amene sanafunsidwepo chibadwire, ndipo anawafunsa ngati mmene telala amafunsira muyezo wa m'chiuno, mopanda kunyinyirika. Anawapima ndi chala atavala magolovesi, nawauza kuti, "Finyani ngati mukuletsa mpweya." Kenaka anajambula papepala mizere iwiri yozungulira, wina m'kati mwa unzake.

"Potulukira chimbudzi pali minofu iwiri yozungulira ngati mphete. Yam'katiyi imatseka yokha, usana ndi usiku, inu osaiganizira. Yakunjayi ndi imene mumailamula. Mukamva kuti zafika koma chimbudzi chili patali, mumaifinya kuti ikudikireni."

Mayiwo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Ndiye kuti zili ngati kabudula wamasewera. M'chiuno muli lastiki yogwira yokha, pamwamba pake pali chingwe chokoka mwini wake."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuvutika kujambula," anatero namwino. "Lero ndapeza mphunzitsi."

Patatha sabata dokotala anawaunika ndi makina, ndipo anawaonetsa pachithunzi pamene mphete yakunja inadukira, chakutsogolo, nsonga zake zitatalikirana. Yam'kati nayo inali itaperepeseka pamalo omwewo. Zinachitika tsiku lobereka lija. Khungu linasokedwa bwino, koma mnofu wapansi pake unatsala wosalumikiza. Dokotala anati kung'ambika kotere kumabisala, ndipo kumaoneka pokhapokha wothandizayo akapima ndi chala kumbuyoko mayi akangochira.

Mayi Tembenuzani anayang'anitsitsa chithunzicho. Zaka zonsezi ankadziimba mlandu, poganiza kuti mwina anakankha molakwika, mwina thupi lawo linali laulesi. Pomaliza anangoti, motsitsa mawu, "Sanatembenuze."

Dokotala sanawanamize. Anati opaleshoni ilipo, yokoka nsonga ziwirizo n'kuzisanjikiza, ina pamwamba pa inzake. Apa mayiwo anagwedeza mutu, pakuti msoko wotere amaudziwa. Koma anatinso pa bala lakale chonchi msokowo umathandiza ena kwa zaka zingapo kenaka n'kuyamba kufooka, choncho kunali bwino kuyamba ndi zimene thupi lingathe lokha.

Pa za kadyedwe namwino anawakalipira mwachikondi. "Amayi, mwakhala mukudzilanga pachabe. Tiyi wambiri amafulumizitsa m'mimba. Kusamwa madzi kumakudzimbitsani, ndipo chimbudzi cholimba chikatseka njira, chamadzi chimazembera m'mbali. Muzidya m'mawa. Matumbo amadzuka munthu akadya, ndiye mukhale kaye kunyumba, mupite kuchimbudzi nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, musanatuluke. Masamba, zipatso, madzi. Tikufuna chimbudzi choumbika, chosalimba, chosakhala chamadzi, chifukwa chimenecho ngakhale chingwe chofooka chimachigwira." Anawapatsanso timapiritsi tochedwetsa m'mimba, ta tsiku la ulendo.

Kulimbitsa mnofuwo kunavuta poyamba. Mayiwo ankafinya matako, ntchafu, nsagwada, n'kugwira mpweya mpaka maso kutuzuka.

"Mukukoka thalauza lonse," anatero namwino. "Ine ndikufuna chingwe chokha. Pumani, muzindiyankhula uku mukukoka. Mbali yosadukayo ikadali ndi mphamvu, ndipo pamwamba pake pali minofu ina yothandizira. Tiziphunzitse ntchito."

Vuto linali kukumbukira. Analithetsa okha. Anapangana ndi makina awo kuti akamaliza msoko n'kudula ulusi, azikoka chingwe chawo, kuwerenga mpaka kasanu, n'kumasula. Akachita kakhumi ankapumula mpaka masana, monga anawalangizira. Mayunifolomu omwe ankawanamizira aja anasanduka mankhwala. Tsiku lina amuna awo anasuzumira pazenera n'kuwapeza atakhala tsonga, nkhope ili gwa.

"Mwameza singano?"

"Ndili pa masewera olimbitsa thupi, bambo inu. Musandisokoneze, ndataya nambala."

Patatha masabata khumi sanachire, koma makumi awiri aja anasanduka mphindi zinayi, tsiku labwino zisanu. Kwa ena mphindi zisanu si kanthu. Kwa iwo zinali msewu wonse. Anayesa basi ya mumzinda, siteji imodzi, kenaka zitatu, amuna awo atakhala pambali atafumbata ambulera ngakhale kunali dzuwa.

Tsiku la ulendo anadya m'mawa, anadikira thupi lawo, anamwa piritsi. M'chikwama anaika zovala za khanda zimene anasoka, timatewera khumi, sopo, botolo la madzi ndi siketi yosinthira. Anasankha mpando wapafupi ndi chitseko. Amuna awo anapita pazenera la dalaivala, pakamwa popanda msomali ndi umodzi womwe.

"Achimwene, mayi awo ndi akazi anga. Akanena kuti imani, chonde muime."

"Akudwala?"

"Ayi. Akupita kukalandira mdzukulu."

Chimene ankachiopa chinachitikadi, pa ola lachitatu. Basi inagunda bampu, ndipo anamva kuti pang'ono zapulumuka. Anayang'ana mayi wokhala pambali pawo, koma iye anali pakati pofotokoza za mkamwini wake waulesi ndipo sanadule nkhani. Patangopita mphindi zochepa basi inaima pamalo opumira. Anatsika, anasamba, anasintha kathewera, nakamanga m'kajumbo. Nsalu ya ambulera inali itagwira ntchito yake; siketi inali youma. Anaima pang'ono kuyang'ana kajumboko. Chinthu chimene chinawatsekera m'chipinda cha zenera limodzi zaka zonsezi chinakwana m'dzanja limodzi. Anakwera basi, ndipo mayi uja anapitiriza za mkamwini pomwe analekezera.

Kabatani atatsegula chitseko anaima kukamwa kuli yasa, dzanja lili pamsana, mimba ili patsogolo.

"Mayunifolomu atha?"

"Ena azivala zothina sabata imodzi. Sadzafa. Ndipatse madzi akumwa."

Anawalandira mwaulemu, koma ulemu wake unali wa mlendo. Masana anakhala kuchipinda, mayi akutembenuza tizovala ta khanda togula kusitolo n'kumapukusa mutu, mwana akutulutsa katundu m'chikwama cha mayi ake. Kenaka Kabatani anatulutsa timatewera tija.

"Iti n'tochepa, amayi. Khanda silingakwane."

Mayiwo akanatha kunama. Bodza linali kale pamlomo. Koma anakumbukira za katundu uja ananena amuna awo.

"Si ta khanda. Khala pansi, mwana wanga."

Anamuuza zonse mwadongosolo, monga amafotokozera kadulidwe ka diresi: za lastiki ndi chingwe, za mapazi khumi ndi limodzi, za maambulera a bambo ake. Kabatani ankamvetsera atagwira kathewerako ndi manja awiri.

"Ndiye ndinakupwetekani ndine," anatero.

"Mawu amenewo ndi amene ndinkawathawa zaka zonsezi. Tamvera. Iwe unali khanda la makilogalamu anayi lofulumira kudzaona dziko. Khanda lilibe mlandu. Unalakwika ndi msoko."

"Tsiku la mphoto lija?"

"Ndinavala diresi langa labuluu. Ndinafika mpaka pageti la sukulu, ndikumva m'manja mukuwombedwa. Zinandichitikira pomwepo. Ndinabwerera ndikuyenda cham'mbali mwa mpanda."

"Ine ndinkayang'ana pakhomo mpaka mwambo kutha."

"Ndikudziwa. Ndinaganiza kuti ndikukuteteza. Ndinakusokera chovala chokongola kunja, m'kati chikukulasa. Undikhululukire."

Kabatani analira, mutu uli paphewa la mayi ake, mimba itawatchinga pakati moti anachita kukumbatirana cham'mbali. Atatonthola anafunsa ndi mawu aang'ono, "Nanga ine, zikandichitikira?"

"Ambiri siziwachitikira. Zikachitika n'kuoneka tsiku lomwelo, amalumikiza bwino ndipo ambiri amachira. Ukuganiza kuti ndakwerera basi chiyani?"

Kabatani matenda anamuyamba patatha masiku asanu ndi anayi, m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke kunabadwa mwana wamkazi wa mawu aakulu. Mayi Tembenuzani atawalola kulowa, anapeza mzamba wachitsikana akukonza singano ndi ulusi. Anati Kabatani wang'ambika pang'ono ndipo amusoka.

Mayiwo anayandikira, manja atawaphatikiza. "Pepani, mwana wanga, ine ndine telala chabe, sindikuphunzitsani ntchito. Koma musanasoke, mwapima m'katimo? Ndi chala, kumbuyoko?"

Mzambayo anakweza dzanja limene anali atangovala golovesi yatsopano. "Ndi zimene ndikupita kukachita, amayi. Sindisoka ndisanaone. Mwazidziwira kuti zimenezi?"

"Ndinaphunzira mochedwa."

Mtsikanayo anapempha chilolezo kwa Kabatani, napima mosafulumira, akumuuza kuti afinye. Mayi Tembenuzani sanaphethire.

"Mphete zonse ziwiri n'zathunthu," anatero mzamba. "Ndi khungu lokha ndi kamnofu kapamwamba."

Mayi Tembenuzani anakhala pampando. Kabatani, tsitsi litanyowa ndi thukuta, anatembenuza mutu papilo.

"Amayi, mwasiya masiketi, mwayamba kutembenuza anthu?"

Anaseka onse atatu. Mayi Tembenuzani anayamba akoka kaye chingwe chawo, kenaka anaseka momasuka, kuseka kumene mwana wawo anali asanakumvepo. Anawapatsa khanda. Analiyang'ana zala, makutu, khosi lopindikapindika, n'kunena kuti ntchito iyi yokha ndi imene alibe nayo chodandaula.

Patapita kanthawi anamva chizindikiro chija. Kale akanadzuka mwakachetechete n'kuzimiririka, ndipo mwana wawo akanayang'ana pakhomo. Tsopano anagoneka khanda pachifuwa cha mayi ake mosafulumira, nakonza kansalu pamutu pake.

"Ndikupita kuchimbudzi," anatero momveka bwino. "Ndibweranso."

"Chili kumanzere, chitseko chachiwiri," anatero Kabatani. "Pitani, amayi. Tikudikirani."